Tsiku Limene Mpingo Unabisa Ana Ake

Padangokhala, ndipo inu vomerani kuti tili tonse, padali mpingo wa nyama.

Mpingowo unayamba wopanda khoma, wopanda belu, wopanda ngakhale benchi. Likongwe ankaukumbukira bwino, pakuti masiku amenewo anali namwali. Mawu a Mulungu anabwera ndi mbalame ina yaulendo, imene inatera mu mkuyu n'kulalikira kuti kwa Mlengi kulibe wamkulu, kulibe wamng'ono. Nyama zinakhulupirira, ndipo Lamulungu lililonse zinkasonkhana pansi pa mkuyuwo. Njovu ankagwada kumbuyo kuti Mbewa aone kutsogolo. Wina akadwala, anzake ankakamulimira munda asanapemphe n'komwe. Nanga kuyimba kwake! Ankayamba dzuwa likutuluka, njala n'kuiwala kuti iliko.

Panali nyimbo imodzi imene onse ankaikonda koposa. Wotsogolera ankatchula nyama iliyonse ndi dzina, kufunsa ngati yafika, ndipo gulu linkavomera kuti yafika, malo ake alipo. Ankayambira kwa Njovu mpaka kukathera kwa Nyerere, osadumpha ndi mmodzi yemwe. Wotsogolerayo anali Likongwe, ndipo pambali pake pankayima mnzake wa pamtima, Gwape.

Likongwe mukumudziwa: kanyama kowonda, kamchira wautali, kodziwa zibowo zonse za khola la nkhuku. Pobatizidwa anasiya kuba mazira, koma machenjera ake madzi sanawatsuke. Gwape anali wina: wofatsa, wamanyazi, woti bodza likafika pamilomo pake linkabwerera lokha.

Chaka china Nyalugwe anabwera pansi pa mkuyu, nagwada, napempha ubatizo. Amayi analulutira tsiku lonse. Afisi amene ankasautsa mudziwo anangomva fungo lake n'kusamuka. Ndi iye amene anakoka mitengo yomangira tchalitchi, ndi iyenso amene anakwera pamwamba kukafolera denga. Posakhalitsa anakhala mkulu wa mpingo, tsopano ndi a Nyalugwe, ndipo anapempha ntchito imodzi yokha: kuphunzitsa ana Sande sukulu.

Pa nthawiyo Gwape anali wamasiye. Mwamuna wake anafera mu msampha, kumusiyira kamwana kamodzi. Lamulungu lina kamwanako kanapita ku Sande sukulu osabwerako. Gwape anatsata timapazi take, ndipo tinakathera pakhomo pa a Nyalugwe. Anabwera pamaso pa akulu a mpingo, nanena zimene anaona.

Akuluwo anadzitsekera m'tchalitchi.

"Tikawachotsa, afisi abwerera mawa lomwe," anatero wina.

"Nanga akunja adzatiseka bwanji?" anatero winanso.

Wina anangoyang'ana denga latsopano lija n'kuusa moyo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Potuluka analengeza kuti Gwape wanamizira mkulu wa mpingo, ndipo asankhe chimodzi: avomere pagulu kuti wanama, kapena adulidwe.

"Sindinaname," anatero Gwape.

Anamudula. Anasamukira kumapeto kwa mudzi, kumene belu linkamveka ngati kulira kwa udzudzu. Likongwe sanamutaye mnzake. Ankamupitira ndi ndiwo, ankamuthandiza kupalira. Komanso tchalitchi sanasiye. Nyimbo ija ankayimbitsabe, kungoti akafika pa dzina la Gwape ankalidumpha, monga anamulamulira akulu.

Zaka zinapita. A Nyalugwe anamwalira ali nkhalamba, ndipo pamaliro awo makwaya anachita kulandirana. Abusa akale nawo anatsikira kuli chete. M'malo mwawo munabwera Abusa Khwangwala, achinyamata, ophunzira, obadwa ndi kolala yoyera m'khosi. Mwa akulu amene anaweruza mlandu uja munatsala a Njati okha, nawonso miyendo itayamba kukana.

Ndiye kunamveka kuti mpingo ukonza chikondwerero chachikulu chokumbukira kuyamba kwake, ndipo kudzabwera alendo a mipingo yakutali. Masiku omwewo Gwape anagwa m'matenda. Likongwe anamupeza atagona pamphasa, nthiti zikuwerengeka.

"Ndalota mkuyu uja," anatero Gwape. "Iwe ukuyimbitsa, ine ndikupolokozera. Ukukumbukira tsiku lija nkhuyu inagwera m'kamwa mwa a Mvuu ali pakati pa pemphero?"

"Anaimeza n'kunena ameni," anayankha Likongwe, ndipo onse anaseka mpaka Gwape anayamba kutsokomola.

"Mnzanga, thupi likundiuza kuti dzinja likubwerali sindilimaliza. Ndikufuna zinthu ziwiri. Ndidye Mgonero ndisanapite. Ndipo ndikafa asadzandikwirire chinunu, adzandiyimbire."

"Zimenezo undisiyire ine," anatero Likongwe.

Ulendo woyamba anapita wopanda machenjera, pakuti anati mwina zaka zafewetsa mitima. Anapeza Abusa Khwangwala ndi a Njati pakhonde la tchalitchi akukambirana za alendo. Anagwada, naomba m'manja, nafotokoza.

"Nkhani imeneyi ine ndinaipeza," anatero Abusa. "Koma khomo ndi lotsekula. Abwere, avomere kuti analakwa, tiwabwezere."

"Nanga ngati sanalakwe, Abusa?"

"Mukufuna kunena kuti mpingo ndi umene unalakwa? Samalani lilime, mayi. Mpingo ndi wa Mulungu."

"Ndi wa Mulungu, inde. Koma tsiku lija amene ndinawaona akulowa kukaweruza anali a Njati ndi anzawo."

A Njati anatafuna bzikulu kwa nthawi, maso ali pansi. "Zakale safukula, mayi," anatero.

Pobwerera Likongwe anayimba nyimbo ija yekha m'njira. Anatchula mayina mmodzimmodzi, akudzivomera yekha, ndipo atafika pa dzina la Gwape sanalidumphe. Analitchula mokweza, nayima kuti amve ngati wina avomere. Palibe anavomera.

Ulendo wachiwiri anapita ndi uchi pakamwa. Anadikira kuti Abusa akhale okha.

"Abusa, alendo akubwerawa aona matchalitchi akuluakulu. Kuno kwathu adzatola chiyani chokasimba?"

"Ndi zimene zikundisowetsa tulo," anatero Abusa.

"Inu ndinu odziwa Buku. Si paja munalalikirapo za chaka chomasula akapolo? Ine ndi umbuli wangawu ndinaganiza kuti mwina mukukonza zotero, kuti pa tsikulo onse odulidwa abwerere popanda kufunsidwa kanthu."

Abusa anakonza nthenga za m'khosi. "Zoona, ndakhala ndikuziganizira zimenezo."

Akulu anavomereza tsiku lomwelo. Likongwe anathamanga mchira uli m'mwamba, nakafika kwa Gwape akuvina.

"Zatheka! Pa chikondwerero onse odulidwa akhululukidwa. Ungolowa basi, palibe wokufunsa."

"Akundikhululukira chiyani?"

"Zimenezo zisiye. Iwe ukufuna Mgonero, si choncho?"

Gwape anadzuka pang'ono, natsamira khoma. "Ndilowe pamzere umodzi ndi Nyani wakuba chimanga? Ana obadwa dzulowa adzati, gogo uja ananamizira munthu wa Mulungu, koma mpingo unamuchitira chifundo. Ndiye kuti bodza lawo ndalisenza ine mpaka kumanda, ndipo mwana wanga ndamupereka kachiwiri. Iwe unazolowera kulowera pachibowo, Likongwe. Ine ndinatulukira pakhomo, ndidzalowera pakhomo."

Likongwe anatuluka mchira ukukwekwereka. M'njira anayambanso nyimbo ija, koma atafika pa dzina la mnzake anailekeza, nakhala pachitsa. Anaganiza, naganiza. Kuwauza zoona n'kutaya nthawi, pakuti zoonazo akuzidziwa kale. Chofunika n'kuwagwira akuzidziwa, monga mmene amagwirira wakuba mazira, chigoba cha dzira chili pamlomo. Atafika pamenepo anaseka yekha, nadzuka.

Anakakumba chinangwa chachikulu, nasemapo phazi la nyalugwe. M'mamawa anadinda mapazi m'njira ya kuchitsime, mapazi ena kuseri kwa tchalitchi, nakandakanda khungwa la mtengo umene ana ankaphunzirira pansi pake. Chinangwacho anachiphika n'kudya. Kenaka anapita kwa Mayi Nkhanga, mtsogoleri wa amayi, amene anawapeza akupeta mapira.

"Mayi, ndili ndi nkhani, koma musauze munthu."

"Ine? Sindine wapakamwa ine."

"Malemu a Nyalugwe anasiya mwana wamwamuna kutsidya. Wakula, mawanga ake ndi a bambo ake enieni. Akubwera ku chikondwerero."

Lichero linapulumuka m'manja mwa Mayi Nkhanga, mapira mbwee. Dzuwa lisanafike pamutu mudzi wonse unali utamva, ndipo amene anakayika anakaona okha mapazi m'njira.

Madzulo ake akulu a mpingo anakumana, ndipo Likongwe anabwera ngati mthenga.

"Mnyamatayo anadutsa kwanga," anatero. "Ndi waulemu, Buku lili m'khwapa. Akupempha chinthu chimodzi chokha: pa tsikulo, mapemphero asanayambe, atenge ana onse kuseri kwa tchalitchi awaphunzitse, monga ankachitira bambo ake."

M'chipindamo wina anakanda khutu, wina anayang'ana zikhadabo zake.

"Pali wotsutsa?" anafunsa Abusa, mawu atachepa.

A Njati anatsokomola.

"Ngati pali chifukwa chomukanira, nenani, ndikamuuze," anatero Likongwe. "Kapena bambo ake anachitapo kanthu kena?"

"Ayi, ayi," anatero Nguluwe, amene anali mkulu wa mpingo watsopano. "Anali munthu wa Mulungu amene uja."

"Ndiye ndikamuuze kuti mwavomera?"

Anavomera onse, pakuti wokana akanayenera kunena chifukwa.

Kuyambira m'mawa mwake njira zotuluka m'mudzi zinadzaza. Fulu ndiye anayamba, podziwa mayendedwe ake, ana ali pamsana. A Njati anatumiza mdzukulu wawo kwa azakhali ake kuti akadye mango. Mbawala anati ana ake akaone agogo. Nguluwe anakumba dzenje lakuya, nalowetsamo ake, natseka ndi zitsamba. Ngakhale mayi busa anakweza anapiye awo pamwamba penipeni pa mtengo, nati ali ndi chifuwa. Akakumana m'njira ankafunsana mosayang'anana.

"Kuti ndi ana m'mawa uno?"

"Kwa abale, akapume mphepo ina. Nanga inu?"

"Ifenso chimodzimodzi."

Likongwe ankangowaonera ali pachulu, akutsuka ndevu.

Tsiku la chikondwerero linafika. Miphika inali pamoto, tchalitchi chitadzaza, alendo atakhala kutsogolo pamodzi ndi mtsogoleri wawo, Abusa Kakowa, oyera mbee kuyambira kumutu. Abusa Khwangwala anakwera pagome, nalengeza kuti kwaya ya ana ndiyo itsegule mwambo.

Palibe anatuluka.

"Kwaya ya ana!" anabwereza.

Chete. Pamphasa za ana panali ntchentche zokha.

Abusa Kakowa anatambasula khosi, nayang'ana uku ndi uku. "Pepani abale, kodi mpingo uno subereka?"

Pamenepo Likongwe anayimirira kumbali ya amayi.

"Umabereka, Abusa, ana ndi ambiri ngati mchenga. Nanenso ndikudabwa. A Njati, mdzukulu wanu ali kuti?"

"Kwa azakhali ake."

"Pa tsiku ngati lalero? A Nguluwe, anu?"

"Akudwala."

"Ndiye mwawagoneka kudzenje n'kutseka ndi zitsamba? Mayi busa, nanga anapiye aja? Abale anga, kwabwera mwana wa munthu woyera kudzaphunzitsa ana athu. Bambo ake tinawaika ndi makwaya. Amene anawanenera zoipa tinamudula. Tsono mukuopa chiyani?"

Wina kumbuyo anafunsa monong'ona kuti mnyamatayo ali kuti.

"Kulibe," anatero Likongwe. "A Nyalugwe sanasiye mwana. Mapazi aja ndinadinda ine ndi chinangwa. Mwathawitsa ana anu chifukwa cha chinangwa chimene ndinadya kale. Koma Gwape atabwera ndi mapazi enieni, munati ndi wabodza."

Phokoso linabuka. Abusa Khwangwala anamenya gome ndi phiko. "Mwanama m'nyumba ya Mulungu! Pamaso pa alendo!"

"Ndanama, Abusa, ndipo ndiduleni. Wina munamudula chifukwa cha zoona, ine mundidule chifukwa cha bodza, kuti mpingo uyere bwino."

Phokoso lisanathe, Mayi Nkhanga anayimirira. Aliyense anayembekeza kuti akalipa, pakuti ndiwo anapusitsidwa koyamba. Koma mawu awo anatuluka ang'onoang'ono.

"Gwape atadulidwa, chaka chotsatira mwanapiye wanga anasowa. Linali Lamulungu. Ndinauza aliyense kuti watengedwa ndi chiombankhanga. Kunalibe chiombankhanga tsiku limenelo. Ndinaona zimene munamuchita Gwape, ndipo ndinaopa kudulidwa."

Anakhala pansi, nafunda nsalu kumutu. M'tchalitchi munazizira. Mbawala anayimirira, nanena kuti iye anachotsa mwana wake ku Sande sukulu sabata yomwe ija ya mlandu, koma ana a anzake anawasiya azipitabe, osachenjeza aliyense. Wina anati ankaona a Nyalugwe akunenepa chaka cha njala. Wina anati amayi ake anamuuza ali mwana kuti asamatsalire yekha kuseri kwa tchalitchi, koma sanamuuze chifukwa. Zimene aliyense ankasunga payekha zinatulukira pamodzi, ndipo zinapezeka kuti ndi nkhani imodzi.

Abusa Khwangwala anatambasula mapiko. "Abale, zimenezi n'zomvetsa chisoni. Koma amene anachita anapita. Ambiri a ife kunalibe. Ine ndemwe ndinali ndisanaswedwe."

A Njati anadzuka movutikira, benchi likulira.

"Abusa, denga ili munalipeza, koma mvula ikagwa mumabisalamo. Gome ilo munalipeza, mumayimapo. Mlandu uwu nawonso munaupeza. Cholowa sasankha. Ife tinamudula Gwape tsiku limodzi, koma Lamulungu lililonse kuchokera pamenepo mpingo uno wakhala ukumudulanso, pamene tikugawana Mgonero iye ali kunja. Ndinati zakale safukula. Ndinanama. Mlandu suwola."

Abusa anayang'ana kumene kunakhala akazi awo, ndipo mayi busa anaweramitsa mutu, pakuti onse awiri ankadziwa amene anati anapiye akwezedwe mumtengo. Pang'onopang'ono Abusa anatsika pagome.

"Tumani wina akawaitane mayi Gwape," anatero. "Tiwalandire."

"Sangayende," anatero Likongwe. "Ndipo ngakhale akanatha, kodi kwanu wolakwiridwa ndi amene amapita kwa wolakwa?"

"Nanga alendo?" anakuwa Nguluwe. "Nanga chakudya chili pamoto? Tidzichititse manyazi pamaso pa anthu chifukwa cha nkhalamba imodzi?"

"Za ife musadandaule," anatero Abusa Kakowa, akutola ndodo yawo. "Kwathunso kuli kuseri kwa tchalitchi. Tiyeni tikaone mmene zimachitikira."

Anatuluka. Si onse ayi. Nguluwe ndi ena anatsala pa miphika, ndipo pambuyo pake anakayambitsa mpingo wawo, umene ankati ndi wopanda banga. Koma ambiri anatsata Abusa, a Njati akudzikoka pambuyo. Ankayenda chete ngati opita kumaliro, mpaka Likongwe anayamba nyimbo yakale ija. Okalamba anavomera mawu akunjenjemera, achinyamata anaigwira m'njira momwemo. Atafika pa dzina la Gwape anafunsa ngati wafika. Gulu linazengereza, pakuti yankho la nyimboyo likanakhala bodza. Ndiye Mayi Nkhanga anavomera okha kuti sanafike koma malo ake alipo, ndipo onse anabwereza chomwecho.

Gwape anamva nyimboyo ikuyandikira, nayesa kuti wamwalira. Anakwawira pakhonde, naona mpingo wonse ukulowa pabwalo pake. Abusa Khwangwala anakhala pansi pafumbi, ena onse anachita chimodzimodzi.

"Mayi, tabwera kudzalapa," anatero Abusa.

"Kulapa amalapa kwa Mulungu. Kwa ine mwadzatani?"

"Kwa Mulungu tilapa. Koma Iye anati tiyambe tayanjana ndi mbale wathu. Munanena zoona, ndipo mpingo unakudulani."

"Mpingo ndi ndani? Ndakhala ndikumva kuti mpingo unagamula, mpingo sungasinthe. Sindinamuonepo nkhope."

Abusa anayankha: "Ndi ife, mayi. Amene analipo ndi amene tinabwera pambuyo. Tinakonda denga ndi mbiri yabwino kuposa mwana wanu. Tinadziwa, tinakhala chete. Tikhululukireni."

Gwape anawayang'ana mmodzimmodzi.

"Mwana wangayo," anatero, "dzina lake anali ndani?"

Mitu yonse inagwa. Achinyamata sanalimvepo. Okalamba anayang'anana. Likongwe anatsegula pakamwa kuti awapulumutse, monga mwa chizolowezi chake, koma m'kamwamo munalibe kanthu. Anafufuza m'mutu mwake. Nyimbo zonse za pansi pa mkuyu zinalimo, nkhuyu ya a Mvuu inalimo, koma dzina la kamwana kamene iye mwini anakabereka kumbuyo linali litafufutika. Zaka zonsezi ankaopa kulitchula, mpaka linamuthawa. Wochenjera uja, amene anagwira mpingo wonse ndi chinangwa, anaona kuti nayenso ali m'gulu lomwelo, ndipo anabisa nkhope m'manja.

"Sungeni."

Anali a Njati.

"Anali Sungeni. Anali ndi kabanga koyera pamphumi. Mlandu utatha ndinapita ndekha kuseri kwa nyumba ya a Nyalugwe, ndinapeza kachiboda kake. Ndinakakwirira pansi pa mthethe, osauza munthu. Sindinagonepo tulo tabwino chiyambire. Malowo ndikuwadziwa, mayi. Mukalola ndikusonyezani."

Gwape sanalire tsiku limene anamudula, sanalire zaka zonse za kumapeto kwa mudzi. Koma atamva dzinalo likutuluka pakamwa pa wina, analira maliro a mwana wake ngati wamwalira m'mawa womwewo. Amayi anamuzungulira, nalira naye. Maliro amene anayenera kuliridwa kalekale analiridwa tsiku la chikondwerero, zakudya zikupserera kutchalitchi.

Atatonthola anati, "Kukhululuka ndikhululuka, pakuti nanenso ndikupita kukapempha komweko. Koma mukanene zimenezi pagome, ana ali pomwepo. Ndipo mwana wa Nkhanga mukamutchulenso dzina."

Anamupatsa Mgonero pakhonde pomwepo.

Lamulungu lotsatira ana atabwerera, Abusa ananena zonse pagome, osachotsapo kanthu. Mayina a ana osowa anatchulidwa. A Njati anatula pansi udindo wawo, ndipo mpingo unapangana kuti mwana akadandaula kapena mayi akalira, aziyamba amvedwa, ngakhale wonenedwayo akhale amene anafolera denga. Koma lamulo ndi lamulo: Likongwe ananama m'nyumba ya Mulungu, ndipo anamuika pa chilango, kuti akhale pa benchi lakumbuyo kufikira nthawi yokolola. Iye sanatsutse. Anati chilangocho chamuchepera.

Gwape anamwalira mvula itangoyamba. Anamuika pansi pa mthethe uja, pambali pa Sungeni, ndipo anamuyimbira mpaka mawu anasasa. Koma chimene okalamba a mpingo umenewo amasimba mpaka lero si maliro ayi. Amasimba za Lamulungu limodzi lokha limene Gwape anakwanitsa kufika kutchalitchi asanamwalire.

Anabwera atakwera pamsana pa Mbidzi. Pakhomo anati amutsitse, alowe ndi miyendo yake. Mpingo wonse unayimirira. Kutsogolo anali atamuyalira mphasa yatsopano, ndipo Abusa anali atatambasula phiko kumulozera pamenepo. Gwape anayang'ana kutsogoloko, nayang'ana kumbuyo, kumene Likongwe anakhala yekha pa benchi la olangidwa. Anakhotera kumeneko, akudzandira.

"Iwe, pita kutsogolo," ananong'ona Likongwe. "Akudikira iwe. Pano ndi pa ochimwa."

"Kukhala wekha ndikukudziwa ine kuzizira kwake," anatero Gwape. "Sendera uko."

Likongwe anasendera.

Nthano yafika pamathero; amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule isanapserere.